Kagalasi ka Clotilda

1

Linali Lamulungu masana, mwezi wa Julaye m'chaka cha 1989. Titabwerako ku Misa ku Kasisi tinayala mphasa kuseri kwa nkhokwe, kumene mphepo sinkafika, n'kuyamba kutonola chimanga. Panali amayi anga ba Rosaria, amuna anga ba Evaristo, mwana wathu Juliana, ndi ine Justina amene ndikulemba izi. Amayi ankadandaula kuti kugwira ntchito tsiku la Mulungu ndi tchimo, koma mulu wa zitsononkho umene unkakula msanga unali wawo.

Juliana ndiye anayamba kuona munthu akutsika kanjira kochokera kumsewu, chikwama paphewa, nsapato zitayera ndi fumbi. Anali Clotilda, mng'ono wanga. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi asanaponde pakhomo pathu. Ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kum'mawa, ndipo makalata ake ankalembera amayi okha.

Anagwadira amayi, anandikumbatira ine, anamuyamikira Juliana kuti wakula. Ba Evaristo anatambasula dzanja, koma linangokhala m'malere mpaka analibweza okha n'kutola chimanga china.

Madzi akumwa asanabwere n'komwe, Clotilda anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachitini ka tiyi kofiira, kosupuka utoto m'mbali. Anakaika pakati pa mphasa. Ine chimanga chinandipulumuka m'manja.

"Mulamu, mukakumbuka aka?"

"Nikakumbuka," anatero ba Evaristo. "Pumulani poyamba, mwachoka kutali."

"Napumula zaka sikisi. Nabwera na funso limodzi chabe. Nikamva yankho nizabwerera."

Funsolo ndinkalidziwa, yankho lakenso ndinkalidziwa. Koma kuti mundimvetse, owerenga anzanga, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo.

2

Ba Evaristo sanapite patali ndi sukulu. Analekezera Fomu 3, koma wansembe wina wa ku mishoni anawaphunzitsa kukonza mawailesi ndi mawotchi, ndipo manja awowo ndiwo anawapezera ntchito ku yunivesite ya mu Lusaka, yosamalira zipangizo za ophunzira fizikisi. Tinkakhala m'nyumba za antchito, zipinda ziwiri ndi khitchini. Ine ndinkadziwika m'komboni monse ndi chinthu chimodzi: mapoto anga. Sopo ankasowa masiku amenewo, munthu kuima pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja, koma ine phulusa la mbaula linkandikwanira. Pa poto wanga munthu ankatha kudziona nkhope.

Atate atamwalira tinamutenga Clotilda kuti tizikhala naye. Anali mwana wamutu. Ba Evaristo ndiwo ankakhala naye patebulo kumuthandiza masamu, mpaka masamuwo anawapitirira iwo eni. Analowa yunivesite yomweyo, mtsikana woyamba wa kwathu kufika pamenepo. Atamaliza digiri yoyamba, mphunzitsi wake Dokotala Shachinda anamusankha kuti achite kafukufuku pa makina atsopano amene anabwera ngati mphatso kuchokera kunja.

Makinawo anali oonera maginito pogwiritsa ntchito kuwala. Ba Evaristo anandifotokozera tsiku lina titamaliza kudya, akujambula ndi chala patebulo. Ankati chitsulo chili ndi minda mkati mwake, ngati minda ya kumudzi, uliwonse mizere yake yaloza kwake. Ndi maso sungaione. Koma ukatenga kuwala kwa nyale, kukusefa pa galasi lapadera, n'kukuwombetsa pa chitsulo chosalala ngati kalilole, kumabwerera kutapotoka pang'ono malinga ndi kumene munda waloza. Ukasuzumira pa maikulosikopu minda ija imaoneka, ina yoyera ina yakuda. Ukawonjezera magetsi mu waya wokulungidwa pambali pake, malire a mindayo amasuntha, munda wina n'kumeza unzake.

"Monga amalume anu na malire a dimba," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Chitsulo chake sichinali chitsulo wamba. Chinali chopakidwa pa kagalasi kakang'ono ngati sitampu ya kalata, chopyapyala kuposa khungu la anyezi. Timagalasito tinabwera titatu. Tiwiri tinachita dzimbiri chaka choyamba, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira tina kunalibe. Kanatsala kamodzi. Ophunzira ankachita mzere kukasuzumira, koma okagwira anali awiri okha, ba Evaristo ndi Clotilda. Digiri yachiwiri ya mng'ono wanga inali pa kagalasi kameneko, pamodzi ndi malo amene anamulonjeza okapitiriza maphunziro kunja akamaliza.

3

Vuto linali lakuti makinawo ankadana ndi kuwala kwina kulikonse. Chipinda chake chinali chopanda zenera, ndipo akayamba kujambula zithunzi ankakhoma chitseko, ngakhale dzuwa lili paliwombo.

Kwathu kuno chitseko sichitsekedwa masana. Chikatsekedwa ndiye kuti muli wodwala, kapena muli zimene anthu sayenera kuona. Mwamuna amaseka ndi mlamu wake pabwalo, anthu akuona. M'nyumba salowa naye awiriwiri.

Manong'onong'o anayamba ndi ba Olipa, mnansi wathu amene ankakolopa m'nyumba ya fizikisiyo. Sananene mawu oipa ngakhale amodzi. Pampopi ankangoyamikira mtima wanga, kuti akazi ngati ine ndi osowa, iwo sakanatha. Tsiku lina, akutsuka ndowa, anawonjezera kuti, "Amake Juliana, ine nikolopa paliponse, koma mu chipinda muja sibanilola. Kapena mulibe fumbi." Azimayi anaseka chogwada, aliyense akuyang'ana m'ndowa mwake.

Sabata yomweyo ndinaphika mbatata n'kupita nazo ndekha. Ndinapeza chitseko chokhoma, kababu kofiira kakuyaka pamwamba pake. Ndinagogoda. Mawu a amuna anga anachokera mkati, akuti ndidikire, akatsegula chithunzi chiwonongeka. Ndinakhala pabenchi, mbale pamiyendo, ophunzira akudutsa n'kumayang'ana chitenje changa ndi mapatapata anga. Mkatimo ankalankhula Chingerezi cha m'mabuku chimene ine sindinkachimva, kenako Clotilda anaseka. Ndinadikira ola lathunthu.

Atatuluka, onse awiri akuphethira ndi kuwala, Clotilda anandigwira dzanja.

"Ba sisi, bwerani muone! Lelo minda yayenda bwino maningi."

Ndinachotsa dzanja langa. Ndinamuuza kuti ine minda ndili nayo ku Kasisi, imene imabala chimanga. Ndinasiya mbale pabenchi n'kumapita. Kunyumba sindinafunse kanthu, iwonso sanaganize kuti pali chofunsidwa. Umu ndi mmene chithupsa chinakulira, mkati mwa khungu, palibe wochiona.

4

Mvula ili pakati, ophunzira anachita zionetsero ndipo yunivesite inatsekedwa. Onse anauzidwa kuti apite kwawo, Clotilda n'kubwera kuno kwa amayi. M'nyumba ya fizikisi magetsi anazimitsidwa, ndipo kabati imene inkasunga kagalasi kuti kasamve chinyezi inkadalira magetsiwo.

Ba Evaristo anavutika mumtima masiku awiri. Tsiku lachitatu anabwera kunyumba ndi kachitini ka tiyi m'thumba la jekete. Mkati munali thonje, pathonjepo kagalasi, m'mbali timiyala tabuluu tomwa chinyezi. Lamulo silinkalola kutulutsa kanthu m'chipinda muja, koma iwo anati dzimbiri silidziwa lamulo. Anaika kachitini pamwamba pa kabati ya mbale. Madzulo aliwonse ankakatsitsa, timiyala tikayamba kufiira n'kutiumitsa pa mbaula. Ine anandipempha kuti ndisakagwire, ngakhale kupumirapo mpweya, pakuti moyo wa Clotilda unali mmenemo.

Mawu amenewo ndinawasunga.

Lachinayi la sabata yachitatu anapita kumsonkhano wa Chipani wa nthambi yathu, umene munthu wapantchito sankayerekeza kujomba. Atabwerako madzulo anatsitsa kachitini monga mwa masiku onse. Ine ndinali kukhitchini. Ndinamva chivundikiro chikutseguka. Panapita nthawi yaitali. Ndiyeno anabwera n'kuima pakhomo la khitchini. Anayang'ana ine, anayang'ana mapoto, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Basi.

Yunivesite itatsegulidwa anakauza Dokotala Shachinda kuti anatulutsa kagalasi popanda chilolezo, ndipo pobwera nako anagwa panjinga, kachitini n'kutseguka, kagalasi n'kukhulika pamchenga. Dokotala anakanyamula n'kukalozetsa kuzenera, n'kuona mitengo ya panja kudzera pakati pake. Chitsulo chinali chitachoka.

Mwezi usanathe ba Evaristo anachotsedwa ntchito. Kafukufuku wa Clotilda anafera pomwepo, malo ake a kunja anapatsidwa wina, iye n'kutumizidwa kukaphunzitsa. Tsiku limene tinkapakira katundu pa lole, anabwera n'kuima pamaso pa mlamu wake, anansi onse akumva.

"Munanilera kuti muniphe pa mapeto? Chinthu chimodzi chabe, mwalephera kuchisunga?"

Iwo anapitiriza kupakira katundu. Clotilda anatenga kachitini, kagalasi kali momwemo, n'kumapita. Ine ndinali pamwamba pa lole, ndikumanga mapoto anga m'chitenje kuti asakandike.

Kumudzi kuno ena ankati anachotsedwa chifukwa cha mowa, ena ankati anaba. Munthu amene ankapukuta magalasi ndi kansalu kofewa anagwira khasu. Manja aja anachita zikang'a, ndipo pofika chaka chachitatu sankathanso kugwira timisomali ta wotchi.

5

Tsopano tibwerere pa mphasa paja.

Clotilda anatsegula kachitini. Anafotokoza kuti mwezi watha anadutsa ku yunivesite kukaona Dokotala Shachinda, amene tsopano mutu wayera. Makina aja akadalipo, ophunzira akusuzumirabe pa chitsulo china chimene anapeza pambuyo pake. Zaka zonsezi mtima wake unkakana kuyang'ananso kagalasi kake, koma tsikulo anapempha kuti akaike pa maikulosikopu.

"Chinthu chikakhulika pamchenga, mizere iyenda mbali imodzi," anatero, mawu ali pansi. "Apa mizere ni yozungulira, yozungulira, monga kunsi kwa poto. Na m'mphepete mwasala phulusa. Mulamu, munagwa panjinga mozungulira?"

Ba Evaristo anapitiriza kutonola. Njere zinkagwa m'lichero imodziimodzi.

"Ninagwa panjinga."

"Nifunsa kotsiriza, mulamu."

"Nakamba kale."

Amayi ankayang'ana uku ndi uku, osamvetsa. Clotilda sanandiyang'ane ine ngakhale kamodzi, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti akudziwa. Ndikanatha kukhala chete. Amuna anga akanapita nalo bodzalo kumanda, mng'ono wanga akanabwerera ndi kachitini kake, ine n'kukatereka madzi a tiyi. Zaka zonse zija ndinali nditakonzeratu bodza langanso, lakuti ndinaona kabanga pa kagalasi ndiye ndinkafuna kuthandiza. Linali bodza labwino, lomveka, loyenera mayi wosaphunzira.

Koma ndinayang'ana manja a ba Evaristo pa chimanga chija.

"Sibanagwe panjinga," ndinatero. "Nine."

Ndinawauza zonse monga ndikukuuzirani inu. Lachinayi lija, iwo atapita kumsonkhano, ndinakwera pa mpando n'kutsitsa kachitini. Ndinakatsegula. Kagalasi kanali kosalala, kowala kuposa poto aliyense amene ndinakwechapo, ndipo panalibe banga ngakhale limodzi. Ndinaonamo diso langa likundiyang'ana. Ndinakumbukira benchi lija, kababu kofiira, kuseka kwa mkati, mawu a ba Olipa. Ndinanyowetsa chala chachikulu, ndinachiviika m'phulusa la mbaula, n'kukwecha mozungulira monga ndimachitira ndi mapoto, ndikunena mumtima kuti tione ngati chitseko chija chidzatsekedwenso. Sipanathe ngakhale mphindi imodzi. Ndinakapukuta ndi nsonga ya chitenje, ndinakagoneka pa thonje, n'kubweza kachitini pamalo pake.

Amayi anaika manja kumutu. Juliana ananyamula lichero n'kupita nalo kuseri kwa nyumba, ndipo sanabwerenso.

Clotilda anandifunsa chifukwa. Ndinamuuza za chitseko.

Anaseka, koma sikunali kuseka kuja ndinakumva ndili pabenchi.

"Chitseko. Ba sisi, ninakugwirani dzanja. Ninakuitanani kuti mulowe."

6

Kenako anatembenukira mlamu wake n'kugwada, monga anayenera kuchitira pofika. Anawafunsa chifukwa chimene ananamira, chifukwa chimene anamulolera kuwanyoza pamaso pa anthu.

Ba Evaristo anaika chitsononkho pansi n'kupukuta manja pa buluku.

"Mulamu ungamude, dziko siligwa. Koma imwe munayamwa bere limodzi. Ninaona kuti nchito yapita kale, digiri yapita kale. Ninati pasale chimodzi."

"Manje chasala n'chani?" anatero Clotilda. "Zaka sikisi nadana na munthu wosalakwa, nilembera amayi kuti apereke moni kwa ba sisi. Imwe munanisankhira munthu womuda. Naimwe munanibera, mulamu."

Iwo anavomera ndi mutu, ngati munthu amene akulandira chiweruzo chimene ankachiyembekezera.

Amayi anayesa kulankhula za chikhululuko, za wansembe, za magazi amene sasanduka madzi. Clotilda anawamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza, kenako anapempha madzi osamba.

Dzuwa likulowa ndinawapeza ba Evaristo akutsekera nkhuku. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti. Anati atangotsegula chivundikiro. Ntchito yawo inali yoyang'ana magalasi, ndipo mizere ya chala changa ankaiona tsiku ndi tsiku kunsi kwa poto aliyense m'nyumba mwawo. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandifunsire. Anati ankadikira kuti ndinene ndekha. M'mawa uliwonse ankati kapena lero.

"Atate ake Juliana, mwanikhululukira?"

Anamanga chitseko cha khola ndi luzi, mosafulumira, mfundo ziwiri.

"Ninasenza, amake Juliana. Siniziba ngati kusenza na kukhululuka ni chimodzimodzi."

Pamenepo ndinamvetsa zimene ndinkakana kuziona. Chichokereni mu Lusaka sanandikalipirepo, sanandimanepo kanthu. Koma sanajambulenso ndi chala patebulo, sanasekenso mpaka kutsokomola. Ankadya chakudya changa n'kuthokoza, ngati mlendo wamakhalidwe abwino. Ine ndinkati ndi khasu limene lawatopetsa.

7

Owerenga anzanga, sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni chiyenera mtsikana amene akanakhala dokotala woyamba wa kwathu, amene lero akujambula maginito ndi choko pa bolodi long'ambika. Chiyenera mwamuna amene anapereka dzina lake kuti aphimbe mkazi wosayenera kuphimbidwa. Ine ndinali ndi pakamwa, koma ndinasankha chala. Funso limodzi likanandichititsa manyazi tsiku limodzi, n'kutha. Ndinaopa kuoneka mbuli pamaso pa anthu ophunzira, ndiye ndinachita chinthu chimene ngakhale mbuli sichita. Ba Olipa sindiwaimba mlandu. Iwo anangoponya njere, munda wolimidwa kale unali wanga.

Ngati pali chitseko chimene chikukusowetsani mtendere, ndipo wina wakugwirani dzanja kuti mulowe, lowani. Minda ya m'chitsulo ija anaiona ophunzira mazanamazana ochokera m'zigawo zonse za dziko lino. Ine amene ndinkagona ndi munthu woisamalira sindinaione, ndipo sindidzaiona.

M'mawa mwake, Lolemba, Clotilda anadzuka m'nyumba ya amayi atamanga kale chikwama. Anamwa tiyi wopanda shuga ataimirira. Ba Evaristo anatulutsa njinga, yomwe ija amati anagwa nayo, n'kumangirira chikwamacho kumbuyo kuti amuperekeze kumsewu. Iye anawalola.

Ine ndinali pa thandala, mapoto adzulo ali mbwee pansi. Clotilda anaima patsogolo panga n'kuika kachitini pakati pa mbale.

"Salani bwino, amake Juliana."

Chibadwire chake anali asananditchulepo choncho.

Atapita ndinatsegula kachitini n'kunyamula kagalasi. Pakati pake, pamene ndinakwecha, pankaonekera kunja. Ndinaona kanjira ka kumsewu, ndi anthu awiri akuyenda, njinga ili pakati pawo, dzuwa likuwawomba, mudzi wonse ukuwaona. Ankalankhula. Mwamunayo anaima, anawerama, n'kujambula kanthu ndi chala pa fumbi.

Amayi anaitana ali pakhonde, kufunsa ngati mapotowo atsukidwa lero kapena mawa. Ndinavundikira kachitini, ndinatapa phulusa, n'kuyamba kukwecha.